Nyanja ya m'galasi ndi phunziro la ku Chilwa

Amene tinakwerapo sitima yochoka ku Balaka kupita ku Nayuchi timaidziwa bwino njira yake. Imapatukira pa Nkaya, n'kuwoloka Shire pa Liwonde, kenako n'kulunjika kum'mawa mpaka kukadutsa pamtunda wamchenga umene uli pakati pa nyanja ziwiri, Chilwa kumwera ndi Chiuta kumpoto. Ife timatsikira pa Nayuchi chifukwa ndiye malire a dziko lathu, koma njanjiyo siithera pamenepo. Imalowa m'dziko la Mozambique n'kukafika ku doko la Nacala, m'mphepete mwa nyanja yamchere ya Indian Ocean. M'madzi osaya a m'gombe limenelo muli matanthwe amoyo otchedwa makorali, ndipo m'makwalala mwake mumasambira tinsomba tamitundumitundu.

Alipo anthu m'mizinda monga Johannesburg, London ndi Tokyo amene amasunga kachigawo ka nyanja yoteroyo m'nyumba zawo. Amagula thanki yagalasi, imene amaitcha akwariyamu, n'kuthiramo madzi amchere, n'kuikamo makorali ndi nsomba ziwiri kapena zitatu. Sadya nsombazo, ndipo ambiri sazigulitsa. Amangokonda kuziona ndi kuzisamalira, monga momwe ena kwathu kuno amakondera nkhunda kapena maluwa apakhomo. Kwa ife amene tinakula tikudziwa kuti nsomba ndi ndiwo, zimenezi zimamveka ngati masewera a anthu okhuta. Komabe ife amene tikuphunzira zauphunzitsi tapeza kuti m'kathanki kameneka muli sayansi yomweyo imene imalamulira moyo wa nyanja ya Chilwa, yomwe makolo a ana ambiri a ku Machinga amadalira. N'chifukwa chake tikufuna tifotokoze mmene thanki yotere imagwirira ntchito, chifukwa chimene ingavutire kwathu kuno, ndi chimene tingachite m'malo mwake.

Korali ndi chiyani?

Tikaona korali pachithunzi timaganiza kuti ndi mwala kapena chomera, koma ndi nyama. Kanyama kamodzi n'kakang'ono, kofewa, kooneka ngati kathumba kokhala ndi kamwa pamwamba ndi timanja tozungulira kamwapo. Tinyama timeneti timakhala tambirimbiri pamodzi, ndipo mitundu yambiri imadzimangira chigoba cholimba pogwiritsa ntchito kashiamu wa m'madzi. Chigobacho n'chamtundu umodzi ndi mwala umene anthu amakumba ku mapiri a Chenkumbi ku Balaka n'kuwotcha kuti apange laimu. Tinyama takale tikafa, tatsopano timamanga pamwamba pa zigoba zawo, ndipo pakapita zaka mazanamazana pamakhala thanthwe lalikulu.

M'thupi mwa korali mumakhala ndere zing'onozing'ono zosaoneka ndi maso. Nderezo zimapanga chakudya pogwiritsa ntchito kuwala kwa dzuwa, monga amachitira masamba a chimanga, n'kugawirako korali. Korali nayenso amazipatsa pokhala ndi zinthu zimene zimafuna kuti zikule. Ubale umenewu ndi wosachedwa kusokonekera. Madzi akatentha mopitirira muyezo kwa milungu ingapo, korali amatulutsa nderezo n'kusanduka woyera mbuu, ndipo kutenthako kukapitirira amafa ndi njala. Zimenezi zinachitika kwambiri m'nyanja ya Indian Ocean mu 1998. Choncho munthu wosunga korali m'nyumba amakhala akuweta nyama ndi chomera pa nthawi imodzi, ndipo zonse ziwiri sizifuna kuti zinthu zizisinthasintha.

Zinthu zinayi zimene mwini thanki amayang'anira

Choyamba ndi mchere. Lita imodzi ya madzi a m'nyanja yamchere imakhala ndi mchere wokwana pafupifupi magalamu 35. Mchere wakukhitchini sungathandize, chifukwa m'madzi a m'nyanja mulinso kashiamu, maginiziyamu ndi zinthu zina zimene korali amamangira chigoba chake. Eni mathanki amagula mchere wopangidwira ntchito imeneyi n'kuusungunula m'madzi osefedwa bwino. Vuto limabwera chifukwa madzi amauluka ngati nthunzi koma mchere umatsala. Tiyeni tiwerengere. Thanki ya malita 40 ili ndi mchere wokwana magalamu 1,400. Malita awiri akauluka, mchere womwewo umatsala m'malita 38, ndiye kuti lita iliyonse tsopano ili ndi magalamu pafupifupi 37. Mwini thanki akalakwitsa n'kuwonjezera madzi amchere, mcherewo umangokwererakwerera. Lamulo lake ndi lakuti madzi amene auluka abwezeredwe ndi madzi opanda mchere.

Chachiwiri ndi kutentha. Makorali ambiri amasangalala madzi akakhala pakati pa madigiri 24 ndi 27. Kumayiko ozizira amaika kachipangizo kotenthetsa madzi, pomwe kumalo otentha amafuna chifupizira kapena makina oziziritsa.

Chachitatu ndi kuwala pamodzi ndi kuyenda kwa madzi. Ndere za m'korali zimafuna nyali yamphamvu yoyaka maola asanu ndi atatu kapena khumi tsiku lililonse. Korali sayenda, choncho amadikira kuti mafunde amubweretsere chakudya ndi mpweya n'kumuchotsera zonyansa. M'thanki ntchito ya mafunde imagwiridwa ndi pampu, ndipo pampuyo imayenda usana ndi usiku.

Chachinayi, chimene chimapha nsomba zambiri za anthu ongoyamba kumene, ndi zonyansa. Nsomba imatulutsa amoniya kudzera m'ziwalo zake zopumira, ndipo ndowe zake ndi chakudya chotsala zikawola zimatulutsanso amoniya. Amoniyayo ndi poizoni ngakhale atachepa. M'nyanja amasungunuka m'madzi ochuluka, koma m'thanki alibe kopita. Amene amapulumutsa nsomba ndi mabakiteriya okhala pamiyala, mumchenga ndi musefa. Gulu lina limasandutsa amoniya kukhala naitiraiti, amenenso ndi poizoni. Gulu lachiwiri limasandutsa naitiraiti kukhala naitireti, amene saopsa kwambiri. Naitireti ameneyu ndi yemwe uja amapezekanso mu feteleza wa CAN. Akachuluka, mwini thanki amachotsako madzi pang'ono mlungu uliwonse n'kuthiramo atsopano.

Mabakiteriya amenewa sachuluka tsiku limodzi. Pamatenga milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi kuti akwanire. Munthu wopupuluma amene wagula thanki m'mawa n'kuikamo nsomba khumi madzulo amazipeza zitayandama mlungu usanathe. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa nkhani iyi mawuwo ndi oona ndithu.

Thanki yaing'ono ndiyo yovuta

Tingaganize kuti thanki yaing'ono ndiyo yosavuta kusamala, koma si choncho. Supuni imodzi ya shuga imatsekemeretsa tiyi wa m'kapu, koma mumtsuko wodzaza madzi simungaimve n'komwe. Chimodzimodzi kachakudya kotsala kapena kansomba kamodzi kofera kuseri kwa mwala kamaipitsa madzi a malita 40 m'maola ochepa, pamene m'thanki ya malita 400 vutolo limachedwa kukula. Madzi ochepa amatenthanso msanga ndi kuzizira msanga. Mwini kathanki kakang'ono sangapite kumudzi kwa mlungu wathunthu osasiya munthu wodziwa bwino ntchitoyi.

Tsopano tiyerekeze kuti tikufuna kusunga thanki yotere ku Balaka kapena pa Liwonde. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kwa masana kumadutsa madigiri 35 kawirikawiri, ndipo m'nyumba yamalata madzi ochepa sangakhale pa madigiri 26 popanda makina. Magetsi akathima kwa maola angapo, pampu imaima ndipo mpweya m'madzi umayamba kuchepa. Mchere wake, nyali zake ndi timankhwala topimira madzi n'zoitanitsa kunja. Ngakhale mijigo ina ya m'madera otsika imatulutsa madzi owawa mchere, mchere umenewo si wa m'nyanja ndipo korali sangakhalemo. Makorali olimba alinso pansi pa pangano la CITES, ndiye kuti sawoloka malire a dziko popanda chilolezo. Sitikunena kuti n'zosatheka, koma kwa wophunzira kapena mphunzitsi wa kumudzi, ndalama zake ndi chiopsezo chake n'zazikulu kuposa phindu lake. Ubwino wake ndi wakuti phunziro lenileni la thankiyi tili nalo kale pafupi.

Chilwa: thanki yopanda potulukira

Tibwerere pamtunda wamchenga uja sitima imadutsa. Kumpoto kuli Chiuta. Madzi ake amatuluka kudzera m'nyanja ya Amaramba ku Mozambique n'kulowa mumtsinje wa Lugenda, choncho mchere umene mitsinje imabweretsa umapitirira ulendo. Madzi a Chiuta ndi abwino, osawawa. Kumwera kuli Chilwa. Mitsinje monga Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe imathiramo madzi, koma palibe mtsinje ndi umodzi womwe umene umatulukamo. Madzi a Chilwa amachoka kudzera kumwamba, ngati nthunzi, ndipo mchere wochokera m'nthaka ndi m'miyala umatsala. Ichi n'chifukwa chake madzi ake amamveka kamchere, ngakhale kuti mcherewo ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa ku Nacala.

Chilwa ndi nyanja yotakata koma yosaya. M'malo ambiri kuya kwake sikufika mamita atatu. Mvula ikachepa zaka ziwiri kapena zitatu zotsatizana, zimene zimachitika m'kathanki kaja zimachitikanso kuno: madzi amachepa, mchere umakwera, madzi amatentha msanga, mphepo imavundula matope, mpweya umachepa ndipo nsomba zimayamba kufa nyanja isanaume n'komwe. Nyanjayi inauma mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mbali yake yaikulu inaumanso mu 2018. Akatswiri a ku Yunivesite ya Malawi, motsogozedwa ndi Margaret Kalk, anatsatira bwino kuuma kwa mu 1968 ndi kudzazanso kwake, ndipo zambiri zimene timadziwa za nyanjayi zinayambira pa kafukufuku ameneyo.

Chifukwa cha kusinthasintha kumeneku, nsomba zimene zimakhala pakati pa nyanja ya Chilwa ndi zolimba zokhazokha. Asodzi ake, kuphatikizapo aja amagona m'zimbowera pakati pa njedza, amagwira makamaka mitundu itatu: matemba, makumba ndi mlamba. Nyanja ikamauma, nsomba zina zimathawira m'maiwe a m'mitsinje ndi m'madambo. Zimenezi ndizo mbewu. Mvula ikabwerera, zimatsika n'kuswana, ndipo patapita zaka zochepa nyanja imadzazanso nsomba. Munthu amene amathira katupe padziwe la mumtsinje chaka cha chilala amapeza ndiwo za masiku awiri, koma amapha nsomba za zaka zikubwerazo. Nyanja ya Chilwa inaikidwa pamndandanda wa madambo ofunika padziko lonse pansi pa pangano la Ramsar, koma dzina lokha silingateteze maiwe amenewa ngati anthu okhala m'mbali mwake sakumvetsa ntchito yake.

Mwana amene wawerengera yekha mmene mchere umakwerera m'thanki ya malita 40 sangavutike kumvetsa chimene chimachitikira nyanja ya kwawo. Ndipo akamva kuti anthu akupatutsa madzi a mitsinje kumtunda, kapena kuti mitengo yatha m'mapiri ndipo dothi likukokolokera m'nyanja, amadziwa kuti zili ngati kuchepetsa madzi obwezera m'thanki yopanda potulukira.

Nsomba zathu zili m'magalasi a eni ake

Pali chinthu china chimene ambirife sitidziwa. Pakati pa nsomba za m'madzi opanda mchere zimene anthu amasunga m'mathanki padziko lonse, za ku Malawi zili m'gulu la zotchuka kwambiri. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba za banja la cichlid imene akatswiri ambiri amati imaposa 700, ndipo pafupifupi yonse sipezeka kwina kulikonse. Chambo ndi makumba ndi a banja lomweli. Zimene alendo amakonda kwambiri ndi mbuna, tinsomba tokhala m'miyala, tobiriwira ngati thambo, tachikasu, tamizeremizere. Dzina lakuti mbuna linachokera kwa Atonga a ku Nkhata Bay, ndipo lero limatchulidwa m'masitolo ogulitsa nsomba ku Germany, ku America ndi ku Japan. Miyala ya m'nyanja yathu yodzaza mbuna ndiyo imayandikira kwambiri kukongola kwa matanthwe a makorali, ndipo n'chifukwa chake Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980, inaikidwa pamndandanda wa malo achuma cha dziko lonse wa UNESCO mu 1984.

Malonda otumiza nsomba zimenezi kunja zili zamoyo anakula m'zaka za m'ma 1970. Munthu wodziwika kwambiri pa ntchitoyi anali Stuart Grant, amene anali ndi malo ake ku Kambiri Point ku Salima ndipo anamwalira mu 2007. Nsomba ina yokongola, Aulonocara stuartgranti, inatchedwa dzina lake. Masiku ano mbuna zambiri zogulitsidwa kunja zimaswetsedwa komweko m'mathanki, moti pali mibadwomibadwo ya nsomba za ku Malawi imene sinaonepo madzi a ku Malawi.

Machinga nayo ili ndi nsomba yake yodziwika kwa oweta nsomba za m'galasi. M'zithaphwi za m'nyengo ya mvula, m'madambo ozungulira Chilwa ndi Chiuta, mumapezeka kansomba kotalika pafupifupi masentimita asanu kotchedwa Nothobranchius kirki. Kanafotokozedwa m'mabuku a sayansi mu 1969 ndi R. A. Jubb, amene anakapatsa dzina la R. G. Kirk, katswiri wa za nsomba amene ankagwira ntchito m'dziko muno. Kakamuna kake n'kofiira mowala, pomwe kakakazi n'kotuwa. Moyo wake ndi wa miyezi yochepa chabe. Kamakula msanga, n'kuikira mazira m'matope, ndipo chithaphwi chikauma makolo onse amafa. Mazirawo amakhala amoyo m'dothi louma chilimwe chonse, n'kudzaswa mvula ikagwa. Oweta nsomba zamtunduwu kunja amatumizirana mazira ake papositi, atawaika m'kadothi konyowa pang'ono. Mwana wa ku Machinga akhoza kudutsa pachithaphwi choterocho tsiku lililonse popita kusukulu, osadziwa kuti kansomba kali mmenemo kali ndi anthu okakonda kutsidya la nyanja. Chithaphwicho chikalimidwa kapena kuthiridwa mankhwala, mazira a m'dothi aja amathera pomwepo.

Thanki ya m'kalasi

Ku maphunziro athu timamva kawirikawiri mawu akuti TALULAR, kutanthauza kuphunzitsa ndi kuphunzira pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka m'dera lathu lomwe. Thanki ya madzi opanda mchere, yokhala ndi nsomba za kwathu konkuno, ndi chitsanzo chabwino cha zimenezi. Nazi njira zake.

Tipeze thanki ya malita 50 mpaka 100. Amisiri odula magalasi a mawindo akhoza kuipanga, bola galasi likhale lochindikala ndipo amate ndi silikoni wopanda mankhwala ophera nkhungu. Ngati galasi palibe, beseni lalikulu lapulasitiki limagwira ntchito, kungoti nsomba tizizionera pamwamba. Thanki yotakata ndi yabwino kuposa yaitali mopita m'mwamba, chifukwa mpweya umalowa m'madzi kudzera pamwamba. Tikumbukire kuti lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho tebulo likhale lolimba ndi losapendekeka. Tiiike pamalo owala koma posafika dzuwa mwachindunji, kuopa kutentha ndi ndere zobiriwitsa madzi.

Pansi tiike mchenga wa kumtsinje ndi miyala ingapo, zotsukidwa bwino ndi madzi okha. Sopo asayandikire thanki, ndowa yake kapena manja a woisamalira. Madzi a pampopi ali ndi klorini, amene amapha nsomba ndi mabakiteriya omwe, choncho akhale m'ndowa yosavundikira kwa tsiku limodzi kapena awiri tisanawathire. Madzi amene tathiramo mankhwala kuti tizimwa kunyumba sayenera kulowa m'thanki.

Kenako tidikire. Tiziponyamo kagaga kochepa kwambiri masiku angapo alionse kuti mabakiteriya aja apeze chakudya, ndipo nsomba tiike patatha mwezi. Mwala kapena mchenga pang'ono wochokera m'dziwe la nsomba lathanzi umafulumizitsa ntchitoyi chifukwa umabwera ndi mabakiteriya ake. Ana adzadandaula kuti thanki ilibe kanthu, koma mwezi umenewu ndi phunziro pawokha.

Nsomba zikhale zochepa. Matemba asanu kapena asanu ndi limodzi ndi okwanira thanki ya malita 60, ndipo amakonda kuyenda pagulu. Tiana ta makumba kapena ta chilunguni tingapezeke kwa alimi a nsomba, ndipo malangizo ake angafunsidwe ku National Aquaculture Centre ku Domasi, pafupi ndi malire a Machinga ndi Zomba, kapena kwa alangizi a za nsomba a m'boma lathu. Tiana timeneti timakula, choncho tigwirizane ndi mlimi amene tatengako kuti tidzabweza ku dziwe lake teremu ikatha. Mitundu iwiriyi ili ndi phunziro lokoma: makumba aakazi amafungatira mazira ndi tiana m'kamwa monga zimachitira mbuna, pomwe chilunguni chimaikira mazira m'kadzenje pansi ndipo bambo ndi mayi amalondera limodzi. Mlamba tisauike pamodzi ndi tinsomba ting'onoting'ono chifukwa udzatidya.

Chakudya chikhale chimene nsomba zingamalize m'mphindi ziwiri kapena zitatu, kamodzi patsiku. Ngozi yaikulu m'kalasi ndi chifundo cha ana makumi asanu ndi limodzi, aliyense akufuna kuponyamo kanyenyeswa. Tisankhe ana awiri pa mlungu, ndipo ena onse azingoona. Nsomba zathanzi zikhoza kukhala osadya kuyambira Lachisanu masana mpaka Lolemba m'mawa popanda vuto. Mlungu uliwonse tichotse gawo limodzi mwa magawo asanu a madzi n'kubwezera ena amene agonera m'ndowa. Tisachotse madzi onse kapena kukwecha miyala yonse nthawi imodzi, chifukwa tikatero taphanso mabakiteriya. Madzi ochotsedwawo tikathirire ndiwo zamasamba kudimba la sukulu, poti ali ndi naitireti uja.

Pamwamba tiphimbe ndi kansalu ka neti kuti nsomba zisadumphe ndiponso udzudzu usaikiremo mazira. Tikaona nsomba zonse zili pamwamba zikuyasamula kukamwa, makamaka m'mamawa, ndiye kuti mpweya wachepa. Tisinthe madzi pang'ono nthawi yomweyo, tisiye kudyetsa tsiku limenelo, ndipo tiganizire zochepetsa nsomba. Kapampu kampweya koyendera mabatire kapena sola kamathandiza, koma nsomba zikakhala zochepa m'thanki yotakata, zimatha kukhala popanda iko.

Maphunziro otuluka mmenemu ndi ambiri. Pa masamu, ana apime thanki n'kupeza kuti yotalika masentimita 60, mulifupi 30 ndi msinkhu 30 imalowa malita 54. Pa sayansi, azilemba m'kope kutentha kwa madzi m'mawa ndi masana, ndi kutsika kwa madzi pa mlungu. Pa za malo, nachi choyesera chosafuna nsomba n'komwe: titenge mbale ziwiri zakuda n'kuziika padzuwa. Ina tiiboole kabowo m'mbali kuti madzi azisefukirapo, ndipo tiitche Chiuta. Inayo ikhale yosaboola, tiitche Chilwa. Tsiku lililonse tizithira madzi a pamjigo, mu Chiuta mpaka asefukire pakabowo, mu Chilwa kungobwezera amene auma. Pakatha milungu ingapo tisiye kuthira kuti zonse ziume, ndipo ana ayerekeze zoyera zimene zatsala pansi pa mbale iliyonse.

Zoyenera kusamala

Safunsa anadya phula, choncho tisanagwire nsomba iliyonse tifunse. M'kati mwa Liwonde National Park ndi m'madzi otetezedwa a Lake Malawi National Park simuloledwa kugwira nsomba, ndipo kugwira nsomba zokongola n'cholinga chogulitsa kumafuna chilolezo cha nthambi ya boma yoona za nsomba, malinga ndi lamulo la za usodzi. Ana tisawatume kukalowa m'madambo kukasaka nsomba. Mumtsinje wa Shire muli ng'ona ndi mvuu, ndipo madzi odikha a m'madambo ali ndi nkhono zofalitsa likodzo. Nkhono za kudambo zisalowe m'thanki.

Chinanso chachikulu: nsomba kapena chomera cha m'thanki tisachitaye mumtsinje kapena m'nyanja imene sichinachokere. Aliyense wodutsa pa Kamuzu Barrage pa Liwonde anaonapo namasupuni atayandama pa Shire. Chomera chimenechi kwawo ndi ku South America, ndipo chinafalikira m'mayiko ambiri chifukwa anthu ankachikonda ngati duwa lokongoletsera maiwe. Lero chimatseka njira za madzi ndi kusokoneza makina opangira magetsi kumunsi kwa mtsinjewu. Nsomba yachilendo ikhoza kuchita zofananazo, podya tiana ta nsomba zathu, kubweretsa matenda kapena kuswana ndi makumba athu mpaka mtundu wake weniweni kusowa.

Pomaliza, tisayambe thanki tisanadziwe amene adzaisamalire pa holide. Nsomba ya m'galasi siingathawire kudziwe lina madzi akaipa, monga zimachitira za ku Chilwa. Moyo wake wonse uli m'manja mwa amene anaiikamo. Ngati palibe woisamalira, ndi bwino kuyamba ndi mbale ziwiri zija.

Ambirife tikamaliza maphunziro tidzatumizidwa ku sukulu za ku Ntaja, ku Nsanama, ku Ulongwe kapena ku Phalula, kumene kulibe labotale ndipo buku limodzi amawerenga ana asanu. Mwa ana amenewo muli amene adzakhale asodzi, alimi a mpunga, mafumu ndi mamembala a makomiti a m'magombe, ndipo Chilwa idzaphwanso iwo ali ndi udindo. Chaka chimenecho wina adzafika padziwe la mumtsinje wa Domasi atanyamula katupe, ndipo padzafunika munthu wodziwa kufotokoza chifukwa chake nsomba za mmenemo ziyenera kusiyidwa. Munthu ameneyo akhoza kukhala mwana amene lero tingamupatse kope ndi rula kuti azipima madzi a m'thanki Lolemba lililonse.